Ulendo wa ku Halale, kukaona nyumba ya chiswe

Amene anandiitana ku Harare ndi malume. Anatumiza mawu kawiri konse kuti maso awo ayamba kuchita nkhungu, ndiye ngati kumudzi kuli wofuna kudzawaona, abwere iwo akadatha kuzindikira nkhope ya munthu. Amayi sangathenso kukhala m'basi usana ndi usiku, choncho ulendo unagwera ine. Anandimangira mtedza, usipa ndi mfutso wa nkhwani m'kathumba, n'kundiuza kuti ndikawauze alongo awowo kuti mango aja anadzala kuseri kwa nkhokwe akadaberekabe.

Ine mtima unali pa china. Chaka chimenecho n'kuti nditangolowa m'nyumba yanga ku Machinjiri, imene ndinaimanga zaka 6 ndi ngongole za kuntchito komanso ndalama za akazi anga za kubanki m'khonde. Njerwa zootcha, pulasitala wosalala, malata owala, ndi mawindo awiri akuluakulu a pabalaza oyang'ana kumsewu, kuti odutsa adziwe kuti pano wamanga ndi munthu. Kumsewuko n'kumadzulo, koma zimenezo sizinandibwerere m'mutu. Khonde ndinalikana, ndinati n'zakumudzi. Siling'i ndinati adikire ndalama. Okutobala atakwana, nyumba inaonetsa mawanga ake. Ikangoti 2 koloko masana, pabalaza sipankakhalika. Ana ankanyamula mphasa n'kukagona pansi pa mtengo wa mapeyala wa aneba, ndipo usiku makoma ankabweza moto wonse umene anamwa masana. Akazi anga anali atayamba kufunsa mitengo ya eyakoni m'masitolo a ku Limbe, magetsi ake omwewa ozimazima.

Basi tinakwerera pa Wenela kusanache. Dzina la malowa limanena lokha mbiri yake: apa ndi pamene ankasonkhanitsira amuna opita ku migodi ya ku Joni, ndipo mpaka lero pamanunkha ulendo, dizilo ndi tchipisi. Titadutsa Lunzu ndi Lirangwe dzuwa linatuluka. M'mbali mwa msewu munali mauvuni a njerwa, ena akufuka, ena atagumulidwa mbali imodzi, pambali pake maenje a dothi ndi milu ya zipika za mitengo yachilengedwe, zina zoti munthu mmodzi sangazikumbatire. Pa Zalewa, pamene msewu wa ku Mwanza umapatukira, matumba a makala anali ndandanda. Boma linaletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi zamalonda mu 2018, koma lamulolo silifika pa nyumba ngati yanga. Ndinayamba kuwerenga chamumtima malole a nkhuni amene uvuni wanga unadya. Ndinalekera panjira.

Za pachipata cha Mwanza ndi Zobue ndisatayepo nthawi: mizere, zidindo, anyamata osintha ndalama akukupiza mipukutu m'manja. Ku Zobue Chichewa n'chomwechi, moti sudziwa kuti walowa dziko la eni mpaka utaona zikwangwani za Chipwitikizi. Kuchokera pamenepo msewu umangotsika, ndipo ukamatsika kutentha kumakwera. Pa Moatize fumbi ndi lakuda chifukwa cha migodi ya malasha. Pa Tete tinawoloka Zambezi, madzi akuwala ngati lata latsopano, mphepo yolowera pawindo ili ngati yochokera m'ng'anjo. Mzinda umenewu uli m'chigwa, sufika ndi mamita 200 omwe kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo kutentha kwake n'kodziwika dera lonse lino.

Basi inatifera titapitirira Changara, dzuwa likuswa mtengo. Paipi ya madzi inaphulika, dalaivala n'kutiuza kuti tidikire ina ichokere ku Tete. Tinakhala pamenepo maola 4. Pamalopo panali milambe itatu yopanda tsamba ndi limodzi lomwe, kagolosale ka mabuloko a simenti kofolera malata, ndi nyumba zingapo za udzu chakumunsi. Tonse tinathamangira kugolosale, paja munthu wa m'tauni akaona malata amati wapeza kwawo. Zakumwa zinali zofunda ngati tiyi. Mwini wake, mnyamata wovula malaya, thukuta lili kamukamu, ankagulitsira panja, chifukwa m'katimo ngakhale iye sankatha kuimamo. Denga linali lofupika, loti ukakweza mkono ulikhudza, ndipo linkalira lokha, the! the!, malata akufutukuka ndi dzuwa.

Ndinatsetserekera kumunsi kukafuna pobisala. Gogo wina wamkazi anali pakhonde akupeta mapira, ndipo anandikodola ndi dzanja. Chinyungwe ndi Chichewa n'zapachibale. Mukamalankhulana modekha mumamvana.

"Khalani apa, bambo, mungapse," anatero akundikankhira kampando.

"Zikomo, agogo. Dzuwa lakwanu kuno ndi lina."

"Limeneli si dzuwa. Mubwere mwezi wamawa."

Nyumba yawo ndinaiyang'anitsitsa, popeza ndinalibe china chochita. Khoma linali la zidina, lomatidwa ndi dothi, lochindikala bwino. Denga la udzu linatsika mpaka m'mapewa mwanga, moti dzuwa silinkafika pakhoma kupatula m'munsi mwenimweni. Pakati pa khoma ndi denga panali mpata wa zala zinayi kuzungulira nyumba yonse, ndipo nditaikapo dzanja ndinamva mpweya wofunda ukutuluka. Pansi panali pozira, pozizira kumapazi. Kenako anatuma kamtsikana kuti kanditungire madzi. Mtsuko unali pakona ya khonde, wokhazikidwa pamchenga wonyowa, wovundikira ndi mbale, kunja kwake kuli nyontho ngati ukutuluka thukuta. Madzi ake anandizizira mpaka m'mano. Mtsuko wadothi umachucha pang'onopang'ono, ndipo madzi ochuchawo akamauma amachoka ndi kutentha kwa m'katimo. Zimenezi ndimaphunzitsa ana a Fomu 2 chaka ndi chaka, choko m'manja, pamene kunyumba kwanga mtsuko ndinauchotsa kalekale n'kuikapo chigubu cha pulasitiki.

Sindikuti nyumba ya gogoyo inalibe vuto. Udzu umafuna kufolera kawirikawiri, umabisa makoswe, ndipo ukagwira moto sudikira madzi. Ndinakulira m'nyumba yotero, ndikudziwa mmene amayi ankatcherera mabeseni mvula ikabwera denga lisanakonzedwe. Koma masana amenewo, pa nyumba ziwiri zimene ndinalowamo pamsewupo, yokhalika inali imodzi.

Pa Nyamapanda tinafika usiku. Mutoko ndi Murehwa ndinadutsa ndili mtulo, ndipo ndinadzidzimuka basi ikulowa pa Roadport mbandakucha, ndikunjenjemera. Ulendo wa makilomita pafupifupi 600 unatidyera tsiku lathunthu ndi usiku wake. Jekete imene ku Tete ndinkaiona ngati katundu wachabe ndinaivala mpaka m'khosi. Harare ali pamtunda, pafupifupi mamita 1,500, ndipo ngakhale mwezi wotentha chotere m'mawa kumazizira. Maluwa a jakaranda anali atayoyokera m'misewu ngati wina wayala zitenje. Kuzizira kumeneku mukusunge, chifukwa zonse zimene ndinakaona m'tauni zagona pamenepo.

Anadzandichingamira ndi msuweni wanga, mwana wachiwiri wa malume, amene ndinali ndisanaonane naye maso ndi maso. "Amunanga afika!" anakuwa pagulu. "Koma kuonda kotereku, kwanu chimanga chinatha?" Chichewa chake chimapendekera ku Chishona, koma chisuweni amachidziwa bwino. Tinakwera kombi ya ku Mufakose.

Malume anapita ku Halale ali mnyamata, masiku amene anthu ankatengedwa ndi Mthandizi kukalima fodya m'mafamu a azungu. Kumudzi ankangoti anatchona. Atatopa ndi fodya anaphunzira umisiri womanga, ndipo anamanga nyumba za eni ake zaka zoposa 30. Anandigwira kumaso ndi manja onse awiri, n'kunena kuti chipumi ndi cha mlongo wawo. Titadya, mfutso uja utalawidwa, za maliro ndi maukwati zitatha, ndinawaonetsa nyumba yanga pafoni. Anaiyandikiza pamphuno penipeni.

"Mawindo awa ayang'ana kuti?"

"Kumsewu, malume."

"Sindikufunsa za msewu. Dzuwa limalowera kuti?"

Ndinangoti chete.

"Khonde lili kuti? Mpweya wotentha umatulukira pati?" Anandibwezera foni. "Iwe wamanga uvuni, ndipo njerwa zake ndi ana ako. Safunsa anadya phula. Mawa mkazi wakoyu akutengere m'tauni ukaone nyumba ya chiswe."

Nyumba ya chiswe ija ndi Eastgate, mumsewu wa Robert Mugabe pakatikati pa mzinda. Inatsegulidwa mu 1996. Anajambula mapulani ake ndi Mick Pearce, mbadwa ya mu Harare momwemo, mothandizana ndi mainjiniya a kampani ya Arup, ndipo eni ndalama anali a Old Mutual. Pansi pali masitolo, m'mwamba maofesi, palinso malo oimikapo magalimoto 450. Ukaiona koyamba siikopa. Pakati pa nyumba zagalasi zonyezimira, iyo ndi yotuwa, yokhakhala, yodzaza timashelefu ta konkire totulukira kunja, ndi zomera zoyanga zikulendewera. Pamwamba pa denga pali machumuni a njerwa, 48 onse pamodzi, ngati fakitale. Msuweni wanga anati ali mwana ankaganiza kuti mumaphikidwa buledi.

Tinalowa cha m'ma 1 koloko, kunja kutatentha ndithu. Kwenikweni ndi nyumba ziwiri zazitali zoyang'anizana, pakati pake pali bwalo lofoleredwa ndi galasi m'mwamba kwambiri, lotseguka kuti mphepo izidutsa. Timilatho tachitsulo ndi zikepe zimalendewera pazingwe. Anthu anali pikitipikiti, ena akudya, ena akugula, ena akungodutsa pothawa dzuwa. Chimene ndinamva pakhungu sikunali kuzizira kobaya kwa eyakoni kuja kumakusiyira chimfine. Kunali ngati kulowa pansi pa kachere wamkulu. Mnzake wa msuweni wanga amagwira ntchito mu ofesi ina m'mwambamo, ndiye anatilowetsa. Ndinagwada, anthu akundiyang'ana, n'kuika dzanja pa timabowo ta m'munsi mwa windo. Pankatuluka kamphepo kayaziyazi, kopanda phokoso. Nditaimirira ndinaona denga la konkire lopindika ngati mphika wovundikira, losabisidwa ndi siling'i, ndi bowo lina m'mwamba chakumkati. Ndinakumbukira mpata wa zala zinayi wa gogo wa ku Changara.

Kagwiridwe kake ka ntchito n'kosavuta kumva. Konkire, monga mwala, imachedwa kutentha ndipo imachedwa kuzizira. Pansi pa ofesi iliyonse pali mphako, ndipo m'mphakomo muli timano ta konkire tambirimbiri toti mpweya uzikhudza malo ambiri podutsa. Usiku, mpweya uja unandinjenjemeretsa pa Roadport, mafani akuluakulu amaukoka n'kuuthamangitsa m'mphako zimenezi mpaka konkire yonse itazizira. Kukacha, mafani ang'onoang'ono amakankha mpweya pang'onopang'ono kudutsa m'konkire yozizirayo, n'kutulukira pa timabowo tija. Ukafunda ndi matupi a anthu, makompyuta ndi mababu, umakwera wokha monga umachitira utsi m'khitchini, n'kulowa pabowo la m'mwamba, n'kukatulukira kumachumuni. Pofika madzulo konkire imakhala itakhuta kutentha, ndipo usiku ntchito imayambiranso. Nyumbayi imakolola kuzizira kwa usiku n'kukusunga monga timasungira chimanga m'nkhokwe, kenako n'kumatapa pang'onopang'ono tsiku lonse.

Timashelefu takunja tija nato si tokongoletsa chabe. Timaphimba mawindo, amene ndi ang'onoang'ono, kuti dzuwa lisawaombe. Windo lililonse lili ndi kakhonde kake. Komanso khoma lokhakhala limataya kutentha msanga usiku kuposa losalala. Eni ake anapulumutsa madola a ku America pafupifupi 3.5 miliyoni amene akanagulira makina oziziritsira nyumba yonse, makina ochokera kunja, okonzetsa ndi zipangizo zochokeranso kunja. Atayerekeza ndi nyumba zina 6 za mu Harare zodalira makinawo, anapeza kuti Eastgate imadya magetsi ochepera ndi 35 pa 100 alionse. Pearce pambuyo pake anapita ku Australia, kumene anakajambula nawo nyumba ya khonsolo ya mzinda wa Melbourne yotchedwa CH2, imene inatha mu 2006.

Nanga chiswe chikubwera pati? Aliyense wokulira kumudzi amachidziwa chulu: timakumbapo dothi la njerwa, timatcherapo ngumbi mvula yoyamba ikagwa, timazulapo utale. Utale umamera pamenepo chifukwa chiswe chimalima bowa pansi pa chulu, ndipo munda umenewo umafuna mpweya wabwino. Ukagumula chulu umapeza njira zambirimbiri, zina zazikulu zokwera m'mwamba, zina zing'onozing'ono zothera m'mbali. Katswiri wa tizilombo wa ku Switzerland, Martin Lüscher, analemba mu 1961 kuti njira zimenezi n'zoziziritsira: kutentha kwa chisa kumakweza mpweya, mpweyawo n'kukazizira m'mbali, n'kutsikanso. Maganizo otere ndiwo anali m'mabuku pamene Pearce ankajambula nyumba yake.

Chimene chimandisangalatsa n'chakuti pambuyo pake zinadziwika kuti nkhaniyi inali yoperewera. Scott Turner, wasayansi wa ku America amene anatha zaka zambiri akuyeza zulu za ku Namibia, anapeza kuti chulu chimagwira ntchito ngati mapapo: mphepo yakunja ikamaomba ndi kuleka, mpweya woipa umatuluka, wabwino n'kulowa, ndipo kufunda kwa chisa kumatsatira kwambiri dothi lochizungulira. Kenako mu 2015 ofufuza a ku Harvard, atayeza zulu za ku India, anaona kuti kusinthana kwa usana ndi usiku ndiko kumayendetsa mpweya m'katimo. Masana mbali zopyapyala zakunja zimafunda msanga kuposa pakati, usiku zimazizira msanga, ndiye mpweya umazungulira cha uku masana, n'kubwerera cha uku usiku. Ndiye kuti Pearce anakopera kwa chiswe asanachimvetse bwinobwino, koma yankho anakhoza. Mwana wotere m'kalasi mwanga ndimamupatsa malikisi onse, kenako n'kumuitanira pambali.

Ndisakokomeze. Eastgate inadya simenti yambiri, ndipo popanga simenti pamatuluka utsi wochuluka wowononga mlengalenga. Mafani ake amafuna magetsi. Komanso nzeru yake yonse yatsamira pa usiku wozizira wa kumtunda. Mutainyamula n'kukaiika ku Tete kapena ku Nsanje, kumene usiku munthu umagona panja uli thukuta, nkhokwe ija ingakhale yopanda chotapa. Koma Blantyre ali pamtunda wa mamita oposa 1,000, Lilongwe chimodzimodzi, Mzuzu ndi Dedza ndiye osanena. Usiku wathu ndi wozizira, ndipo ngwaulere. Nanga bwanji nyumba zazitali zimene zikumera m'mizinda yathu zikuvala galasi kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako n'kupachika timabokosi ta eyakoni pakhoma ngati nkhupakupa pang'ombe, jenereta ikulira kuseri? Yankho ndikulidziwa, chifukwa ndi lomwe linandiikitsa mawindo anga kumadzulo. Timamangira maso a odutsa.

Si kuti kwathu kulibe poonera. Pachipatala cha boma ku Kasungu pali tinyumba todikiriramo amayi oyembekezera, tojambulidwa ndi a MASS Design Group, tomwe tinatha mu 2015. Njerwa zake n'zadothi losakaniza ndi simenti pang'ono, zopanikiza ndi makina, zosaotcha, ndipo madenga ake anatambalala kusiya makonde oti amayi azikhalapo akucheza. Ndinadutsapo kangapo pa Kasungu osapatuka. Pankafunika basi indifere ku Mozambique kuti ndiyambe kuyang'ana madenga.

Tsiku lotsatira msuweni wanga ananditengera ku Mbare, kumene Amalawi ambiri akale ankafikira. Ku Magaba ndi ku Siyaso phokoso la nyundo limakulonjera uli kutali. Kumeneko chitsulo sichifa. Migolo imasanduka mbaula ndi mabafa, zitsulo za magalimoto akufa zimasanduka makasu, nkhwangwa, ngolo ndi mawilibala, matayala amasanduka nsapato ndi zingwe. Ndinaima kwa bambo wina amene ankapanga ndowa. Anadula lata lakale ndi sizasi yaikulu, n'kulipinda pa chidutswa cha njanji, n'kumenya mkombero wake ndi nyundo yamtengo, go! go! go!, osayeza ndi tepi ngakhale kamodzi. Posakhalitsa ndowa inaima. Anathiramo madzi n'kuikweza m'mwamba kuti ndione pansi pake: pouma. Zotere ziliko ku Ndirande, ndipo koloboyi amene ndinawerengera mayeso a Sitandade 8 anali wa chitini chakale. Kungoti kwathu timati n'za amphawi.

Ku Mbare komweko, m'nyumba imene kale inali holo yomweramo mowa ya nthawi ya atsamunda, muli malo a anthu aluso otchedwa Mbare Art Space. Mmodzi mwa oyambitsa ake, Moffat Takadiwa, amasonkhanitsa mabatani a makompyuta akufa, mitu ya miswachi ndi zitsekerero za mabotolo kuchokera kumadzala a mzindawu, n'kuzitunga zikwizikwi kukhala zinsalu zazikulu zopachika pakhoma, zooneka patali ngati mikanda ya mfumu. Zimakaonetsedwa mpaka ku Ulaya ndi ku America. Nditawauza malume za iye, anaseka n'kunena kuti si zachilendo. Anzawo ena a m'mafamu, Achewa ndi Ayao, anasanduka osema miyala ku Tengenenge, chakumpoto kufupi ndi Guruve, kumene mwini famu Tom Blomefield anayambitsa ntchito yosema mu 1966, fodya atasowa msika chifukwa cha zilango zimene mayiko anapereka ku boma la Ian Smith. Mwala unali pomwepo paphiri, anthu ankaupondaponda popita kumunda. Anatchula Fanizani Akuda, Mchewa wobadwira ku Zambia, amene tianthu take ta maso otsinzina, toimba likhweru, timadziwika kutali.

Usiku womaliza tinakhala pakhonde la malume. Nyumba yawo ndi yaing'ono, imodzi mwa zija zofanana mzere wonse, koma iwo anaiwonjezera khonde lakuya ndipo kumadzulo anadzala mtengo wa mapeyala umene tsopano wapitirira denga. Anandiuza kuti ndiwapatse dzanja, n'kuyamba kujambula ndi chala pachikhatho panga, popeza papepala sakanaona.

"Apa ndi pabalaza pako. Kumadzulo kuno utulutse khonde, mamita awiri, osachepera. Dzuwa lisakhudze galasi. Pamwamba pa khoma, pansi pa malata, uboole mbali zonse ziwiri, uikepo njerwa zamabowo ndi sefa wa udzudzu, kuti wotentha uzituluka. Siling'i uike, ngakhale wa nsungwi, bola pakhale mpata pakati pa iye ndi malata. Malatawo upake penti woyera. Usiku uzitsegula mawindo a mbali ziwiri zoyang'anizana, m'mawa dzuwa lisanakwere uzitseka." Anafinya chala changa chachikulu. "Ndipo apa udzale mtengo. Umenewo ndiye sudikira ndalama."

"Nanga akuba, malume, mawindo otsegula usiku?"

"Zitsulo za m'mawindo unaikiranji?"

Ndinawafunsa chifukwa chake iwo, odziwa zonsezi, anamangira anthu nyumba zambiri zopanda khonde. Anati mmisiri amamanga pamene mwini ndalama waloza, ndipo pa zaka zonsezo amene anawafunsapo za dzuwa sakwana zala za dzanja limodzi.

Pobwerera basi sinafe. Tinadutsa pa milambe itatu ija chakumadzulo, ndinaona denga la gogo uja pang'ono chabe, kenako fumbi. Kagolosale kanali kotseka.

Kunyumba ndinayamba ndi mtengo monga anandiuzira: mbande ziwiri za mango ndi imodzi ya mbawa. Mmisiri wanga, nditamuuza zoboola khoma lopaka kale penti, anandiyang'ana ngati ndabwera ndi matenda achilendo. "Bwana, nyumba yabwinobwino imeneyi? Anthu aziti chiyani?" Anaboola ndithu, akung'ung'udza, mabowo 6. Khonde linadya malata 12 ndi ndalama zimene akazi anga ankasungira eyakoni, ndipo kwa masabata awiri nkhani zathu zinali zazifupizifupi. Siling'i wa nsungwi taika pabalaza ndi kuchipinda kwa ana kokha. Penti wa padenga sitinafikepo, ndipo chipinda chathu chakumapeto chikadatenthabe. Mtsuko ndinagula pamsika wa Lunzu, uli pakona ya khonde pamchenga wonyowa. Okutobala wa chaka chino ana agona masana m'nyumba. Amayi atabwera kudzamva za alongo awo, anakhala pakhondepo tsiku lonse akusenda nandolo, n'kundifunsa kuti chinandiletsa n'chiyani kuyambira pomwepo.

Inu amene mwagula malo, musanaitane mmisiri kudzakoka chingwe cha maziko, pitani pamalopo mu Okutobala 3 koloko masana. Muime pamene mukufuna padzakhale pabalaza, muone kumene dzuwa lili, ndipo mukhalepo ola lathunthu osavala chipewa.